Kagawo ka Nambala 214

Ubongo wa mbewa ndi waung'ono ngati nsawawa yoviika,
koma ndakhala nawo miyezi isanu ndi iwiri
m'chipinda chozizira kuseri kwa Ginnery Corner
ndipo malire ake sindinawaone.

Ndimayamba ndauumitsa ndi chisanu.
Kenako mpeni wa makina umasenga
kagawo kopyapyala kuposa khoko la anyezi.
Ndimakanyamula ndi kaburashi, mpweya nditaugwira,
pakuti kupuma kokha kungakapinde.

Utoto ukalowerera, pansi pa maikulosikopu
pamatuluka mzinda.
Apa pathithikana ngati ku Ndirande, khoma kutsamira khoma.
Apa mitsempha yayenda mtolo umodzi,
msewu wa ku Limbe nthawi yoweruka.
Pamene pakhota ngati Mudi apa,
a Dokotala Makwinja akuti
ndi pomwe mbewa imasunga njira yobwerera ku una.

Bambo anga ku Lirangwe ankaidziwa njira imeneyo ndi khasu:
kolowera, kogona, kothawira utsi ukachuluka.
Sanalembepo chilichonse.
Anapita nazo zonse m'mutu mwawo.

Ine ndimalemba.
Tsiku, nambala ya mbewa, kuya kwa mpeni.
Amene anali pampando uno ine ndisanabwere
anasiya mafayilo atatu:
womaliza, womaliza weniweni, womaliza ndithu.
Ndinachezera masiku anayi kufunsa zithunzi
kuti wamkulu ndani, wotsatira ndani,
ngati ana osochera pa depoti ya Wenela.

Lachinayi magetsi anathima mpeni uli pakati.
Jenereta inatsokomola kawiri, n'kukhala chete.
Kagawo ka 214 kanafewa,
kanamata pa chala changa ngati phala la mwana.

Ka 213 kalipo. Ka 215 kalipo.
Amafanana ngati mapasa,
ndikanakopera kamodzi n'kutseka mpatawo,
ndani akanadziwa?
Mwina mtsikana wina kutsidya la nyanja
akanatsata mapu anga zaka zikubwerazi
n'kukagogoda pa nyumba yomwe kulibe.

M'bokosi lakelo ndinalemba kuti: palibe.
Pansi pake: magetsi, 3:40 masana, dzanja langa.

Madzulo, ndikudikira minibasi ya ku Chilomoni,
khoswe anatuluka m'ngalande ya pa msika,
anadutsa pakati pa miyendo ya ogulitsa tomato,
kumanzere, kumanja, pansi pa thabwa,
osaima n'kamodzi komwe kufunsa njira.