Nambala ya Pabotolo

Pa botolo lililonse la chiponde changa
pali nambala ya foni ya a Daka.
A Daka tinawaika ku Feni chaka chatha, mtedza usanakumbidwe.
Laini yawo ili ndi munthu wina tsopano,
amatukwana makasitomala anga.

Wosindikiza wa ku Kapata anapukusa mutu.
Mayi, ichi ndi njerwa yootcha kale.
Dothi lili kwa amene anaumba.
Katengeni fayilo yoyambirira,
ija imasendeka magawomagawo ngati anyezi.

Woumba ndi Masauso wa a Shawa,
kachipinda kake kali kuseri kwa shopu ya matayala.
Anatsegula laputopu, nati onani.
Anadina kamodzi, dzina langa linazimirira.
Anadinanso, mtedza unachoka m'lichero.
Panatsala dzanja lokha,
la Tiyeseko mwana wanga,
ndi chipsera cha mbaula pachala chapakati.

Munagula chithunzi, anatero, fayilo simunagule.
Fayilo ndi makwacha ena, eyiti handiredi.

Ndinati mtedzawo ndinalima ndine,
licherolo ndinabwera nalo pamutu,
dzanjalo ndinabala ndine.
Iye anati nanga usiku utatu uja magetsi atathima,
ndikusuntha chilembo chimodzi uku ndi uku?
Nanga pulogalamu yondidya madola mwezi ndi mwezi?
Wina ndinam'patsa fayilo mwaulemu,
anangosintha dzina,
lero ntchito yanga ikugulitsa uchi ku Lundazi.

Si wakuba mnyamatayu.
Inenso sindine wopempha.
Tinakhala chete, panja akukhoma limu ya lole.

Kenaka anati nambala yokha ndikusinthirani ulere.
Ndinatchula yanga, analemba.
Nanga ya a Daka mwafufuta?
Ayi, anatero, pano sitifufuta.
Gawo lililonse lili ndi kadiso pambali.
Ukatseka kadisoko chinthu chimabisala,
koma chilipo, pansi pa zinazo.

Anatseka.

Kuchipatala ndinawatseka maso ndine,
ndi zala ziwiri izi.

Ndatuluka ndi njerwa yatsopano m'foni.
Dothi latsala kuseri kwa matayala,
m'makina a mwana wa eni,
pamodzi ndi dzanja la Tiyeseko
ndi manambala khumi aja
amene ndimawatchulabe pamtima ndikamasinja.

Ndayamba kuika padera makwacha fifite Loweruka lililonse.
Sindikudziwa bwino chimene ndikukaombola.