Makadi a m'Thumba la Yunifolomu

Dzina langa ndi Mayeso.
Bambo anandipatsa dzinali chaka cha njala,
osadziwa kuti ndidzakhala ndikulilemba pamwamba pa mapepala
mpaka imvi zitayamba kubisala kuseri kwa khutu.

Thu koloko usiku ku Sunderland.
Mphepo ikugogoda zenera ngati munthu wodzalonjerera ngongole.
M'nyumba yosungira okalamba onse agona
kupatula a Heslop a m'chipinda nambala naini,
amene anagwira ntchito m'boma zaka makumi atatu.
Tsiku lomwe anapuma, tulo nato tinapuma.

M'thumba la yunifolomu muli makadi
amene ndinadula ku katoni ya tiyi.
Ofiira ndi a malamulo, obiriwira a zaumoyo,
a zachuma alibe mtundu, inki inandithera.

"Bweretsa kuno," akutero a Heslop, magalasi ali pamphuno.
"Bilu imayenda bwanji kuti isanduke lamulo?"
Ndikuyankha uku ndikuwapaka mafuta ku zidendene:
iwerengedwa koyamba, kachiwiri, ipita ku komiti,
ituluka nyumba iyi kukalowa inayo,
pomaliza mfumu ivomereza.
"Wakhoza."
Sindikuwauza kuti pali lamulo lina lomwe ndimalidziwa
monga phazi lidziwira msomali wa mu nsapato:
lija la viza,
lomwe landichititsa kulera Tsanzo pa foni.
Mano anamera, anaguluka, ameranso,
ine ndikuonera pagalasi long'ambika pakona.

Khadi lobiriwira. "Tchula zifukwa zitatu
zomwe mzere wa odikira opaleshoni umatalikira."
Kenako aseka mpaka kutsokomola.
"Ili ndikanayankha ndine. Chiuno changachi
chaima pamzerewo kuyambira Khirisimasi ya dzana."
Ndatchula mabedi ochepa, anamwino otopa,
anthu okhala ndi moyo wautali kuposa makolo awo.
Chachinayi sichili pakhadi:
mkulu wanga Nelia anachoka ku chipatala cha kwathu ku Ntcheu
kudzatseka mpata ku Newcastle.
Wa ku Ntcheu uja ukadali yasa.

Zachuma.
M'buku, kukwera mitengo ndi kamzere kokwera phiri.
Kwanga ndi mita ya magetsi yomeza mapaundi khumi Lolemba,
pofika Lachinayi yayambanso kulira njala.
Ndi botolo la mafuta ophikira
lomwe ndimanyamula, kulitembenuza, n'kulibwezera pashelefu.
Akuti banki yaikulu ikakweza chiwongoladzanja
mitengo imazizira. Ndaloweza.
Koma ngongole ya mwini nyumba ikatentha
amene amapsa zala ndine.
Ndipo ya Lachisanu yomwe ndimatumiza kumudzi
imafika itatupa ngati chule,
n'kukaphwa pamsika wa Lizulu dzuwa lisanapendeke.

Belu la chipinda nambala folo lalira.
Makadi m'thumba, magolovesi m'manja.
A Charlton anyowetsa zofunda ndipo akupepesa,
akupepesabe, ine ndikuti palibe mlandu, kwezani mkono.
Pobwerera ndapeza a Heslop agona kukamwa kuli pululu,
khadi limodzi lili pachifuwa.
Kuseri kwake alembako ndi dzanja lonjenjemera:
Usakayankhe ngati wopempha mchere.
Ofunsawo mayankho ena sawadziwa.

Mayeso ndi Lachiwiri naini koloko,
pa kompyuta ya ku laibulale, ija ya pafupi ndi hita.
Ndikakhoza mwina adzandipatsa desiki
ndi mulu wa makalata a anthu onga ine.
Dzina lililonse ndidzaliwerenga mpaka kumapeto,
ngakhale lopindapinda lilime.

Basi yoyamba imafika sikisi itangodutsa.
Ndakhala kumbuyo kwenikweni, pofunda ndi injini,
ndikung'ung'udza komiti, chiwongoladzanja, mzere wa odikira,
komiti, chiwongola,
mpaka dalaivala kundigwedeza phewa
titapitirira kale siteji yanga ya ku Pallion.