Ulusi wa pa Chipumi

Anandipatsa pepala la miyezi itatu.
Kiyi wa kabati ya mankhwala anapatsa wina.
Dzina langa pa ndandanda wa ntchito ndi la pensulo,
pansi penipeni, pafupi ndi msomali,
kuti tsiku likakwana lifufutike mosavuta.

Pano pa Ntcheu amanditchula wa lokamu.
Ena amati sisitala watsopano uja,
ngakhale zaka zisanu ndi chimodzi zatha
ndikutola mausiku amene eni ake awataya,
Balaka, Dedza, kenaka kuno.
Sutikesi yanga sindiimasula yonse.
Makatani ndinasiya kugula.

Koma magazi safunsa kontrakiti.
Lachisanu, usiku utakhwima,
lole ya kachewere yochokera ku Tsangano
inagona chammbali pa Biriwiri.
Atatu anabwera akuyenda okha,
wachinayi anamunyamula m'chiguduli,
dothi m'mano, dothi m'makutu,
chipumi chitatseguka ngati khomo la golosale.

Magetsi anasankha nthawi yomweyo.
A Kadammanja, alonda, anayatsa foni
nkutembenuzira nkhope kukhoma,
dzanja lokha likundiunikira.
Ndinadula malaya ndi sizasi yobuntha,
ndinafuna mtsempha pa mkono wozizira ngati mpanje,
ndinaupeza kachitatu.
Kenaka singano, ulusi, singano,
mfundo khumi ndi zinayi,
chifunga cha Juni chikulowera pa galasi losweka.

Kunja kukuyera anatsegula maso.
Anayamba wafunsa matumba ake,
ngati anthu a m'mbali mwa msewu anasiyako ena.
Dzina anati ndi Fulatira, wa kwa Doviko,
ana atatu, ngongole ya feteleza.
Atagwira bandeji ndi nsonga za zala anati,
adokotala, ulusiwu mudzachotsa ndinu eti?
Dzanja lanu ndi lopepuka.

Ndinalemba m'kabuku kake: abwere pakatha masiku khumi.
Pepala langa linali litatsala ndi asanu ndi limodzi.

Sindinamuuze.
Ndikanamuuzanso chiyani,
kuti ndalama za Epulo zikadali m'njira,
kuti ku akaunti amandiona nkuyamba kufunafuna m'madirowa,
kuti mayi wa nyumba kuseri kwa msika
wasiya kuyankha moni wanga,
kuti Tawina, mwana wanga, ali kwa mchemwali ku Mlanda
ndipo amandidziwa bwino pa foni?
Munthu wosweka mutu sumusenzetsa katundu wako.

Ndinangoti, osanyowetsa balalo,
mukamva chizungulire musadikire tsiku.

Mwina adzawonjezera mwezi wina.
Amatero nthawi zina, madzulo a tsiku lomaliza,
wina akapita kusukulu, wina akachira mwana.
Mwina ayi, ndipo Lachinayi ndidzakhala pa depoti
nsapato zoyera zili m'jumbo,
kondakitala akukuwa Lizulu, Dedza, Lilongwe,
ine ndikuwerenga zotsala m'chikwama.

Ndipo Fulatira adzakhala pa benchi ija,
chipewa pa bondo, maso pa chitseko.
Adzatuluka wina wa dzina la inki,
adzadula mfundo zanga imodziimodzi
nkuzitaya m'kabeseni osadziwa mwini.

Chipsera chokha chidzatsala pantchito.
Chidzakwera naye ku Tsangano,
chidzapsa ndi dzuwa, chidzalowa m'tchalitchi,
mzere wowongoka bwino pamwamba pa diso lamanzere,
siginecha yanga yokhayo m'boma lino
imene palibe adzaifufute.