Dzina la pa Boneti

Pa galaja yanga pa Khombedza, kuseri kwa chigayo,
a Chikwekwe anafika akukankha Vanette yawo,
thukuta lili kamukamu,
pampu ya madzi yafa,
matumba a mpunga akuwadikira ku Lifuwu.

Ndinawalozera Bongo yogona pa njerwa pansi pa bwemba,
imene nkhuku zinaisandutsa poikira mazira.
Ndinati, pampu yanu ili umo.
Iwo anaseka chikhakhali:
"Iwe Ndaziona, yanga ndi Nissan, icho ndi chiMazda.
Ukufuna undiveke nsapato ya mwini?"

Sindinatsutse. Ndinangotola sipanala.
Bauti lililonse linapeza bowo lake,
pampu inakhala ngati inabadwira pomwepo.
Injini inatsokomola kawiri
kenako n'kuyamba kuguguda bwinobwino.

Ndi momwe zilili, bambo.
Fakitale imodzi, chitsulo chimodzi,
koma potuluka pa geti wina amamata kachizindikiro pamphuno
malinga ndi doko limene sitima ikukakocheza.
Vitz ya aphunzitsi aja, kuwoloka Limpopo, ndi Yaris.
Fit amaitcha Jazz. March amati Micra.
Wogula amalipira dzina,
ine ndimadetsa manja ndi zamkati.

Mng'ono wanga Twaibu anapita ku Joni.
Zaka zisanu ndi zinayi, foni zii.
Anabwera chaka chatha ali Sibusiso pa chiphaso,
ndevu zometa mwachilendo,
lilime likupunthwa pa moni wakwathu.
Amayi sanalione n'komwe pepalalo.
Anamukhazika pa mpando, n'kupinda thalauza lake,
chala chawo n'kupeza chipsera cha chikwanje
chimene anadzitema nacho podula nzimbe ku Dwangwa.
"Ndiwe," anatero. Basi.
Ine ndimachitanso chomwecho:
ndimagwada, ndimapala dzimbiri pa chasisi,
nambala yokhomedwa ija sinama.

A Chikwekwe analipira, ndalama zonyowa,
atalowa m'galimoto n'kutsitsa galasi:
"Usakauze anthu ku siteji
kuti mwanga muno muli chaMazda."

Ndili ndi chitini cha mkaka chodzaza ndi zizindikiro
zimene ndinazula pa magalimoto akufa.
Dzulo mwana wanga Asiyatu anatolamo chimodzi,
anachimangirira ndi mphira pa galimoto yake ya mawaya,
n'kuyithamangitsa mpaka ku mjigo
akukuwa kuti wagula Benz.