Mwafika

Anatipatsa ku ofesi ku Blantyre, aliyense kake,
kachipangizo kachikasu, kolemera ngati sopo wochapira,
nati: ka jipiyesi aka sikanama,
kamalankhula ndi makina a mumlengalenga.
Ntchito yanga inali kuwerenga mijigo
kutsidya kwa Shire, kum'mawa kwa Bangula,
uliwonse ndi manambala ake papepala.

Padoko ndinapeza mnyamata, Tchale Fombe,
malaya ong'ambika paphewa, nsungwi yaitali m'manja.
Anandifunsa dzina la mudzi.
Ine ndinamuonetsa kamuvi pagalasi:
"Tingotsata aka."
Anayang'ana kamuvi, nayang'ana madzi,
osayankha. Ndalama ndinali nditamupatsa kale.

Kamuvi sikadziwa bango.
Kamaloza molunjika ngati chala cha mwana wofuna mango
amene saona kuti pakati pali mpanda.
Galasi likuti pano pali msewu wafumbi,
ife tikuyandama pamwamba pake,
namasupuni akukhula m'mbali mwa bwato.
Tchale anati, "Kumanzereku kuli mkwasa wotseguka,
nkozungulira, koma timafika."
Ndinati makina akuti makilomita awiri basi.

Makilomita awiriwo anadya m'mawa wonse.
Njira inachepa, inachepa, inatha.
Titabwerera, pomwe tinalowera panalibe:
chilumba cha udzu chinali chitayenda ndi mphepo
nkutitsekera khomo.
Kachipangizo kanajambula ulendo wathu
wopotanapotana ngati matumbo a mbuzi.
Penapake pafupi mvuu inapuma, fuu,
ndipo pamapu panalibe chizindikiro cha mvuu.

Dzuwa la kuchigwa silinyengerera mlendo.
Galasi linatentha, linayamba kuda m'mbali,
batire linatsala kamzere kamodzi, kofiira.
Ena ndinawaiwala m'chikwama ku Nchalo
pamodzi ndi chipewa.
Ndinakazimitsa, ndinakafunditsa mpango
ngati mwana wa malungo.

Apo Tchale anathyola kabango nakaponya m'madzi.
Tinakayang'ana tonse awiri.
Kanaima, kanazungulira,
kenaka kananyamuka mwaulesi kulowera kuseri kwa mlulu.
"Madzi akupita kwawo," anatero.
Anaimirira kumutu kwa bwato kusaka mapiri a Thyolo,
kusaka mgwalangwa wodukamutu umene amaudziwa.
Ndisaname, iyenso anaphonya kawiri.
Anatukwana m'Chisena, naseka,
nalawa mphepo ndi tsaya, nakankhanso.

Chakumadzulo nditakayatsa komaliza
kanalira, tii, tii:
mwafika.

Ponseponse madzi.
Kakowa mmodzi, ndi masamba a nyika.
Ndinati basi kapenga ndi kutentha.
Koma Tchale anazika nsungwi pansi.
Matope. Matope.
Kenaka ngwee, chitsulo.
Anagundanso, kumvetsera ndi manja.
"Mjigo wa kwa Nyamithambo uwu.
Apa panali mtengo wa masau, apo tchalitchi.
Azakhali anga ankatunga pano
Ruo asanasinthe njira."

Ndiye sikananame ayi.
Kanandifikitsa pamalo penipeni
m'chaka cholakwika.

Fomu imafunsa: kodi mjigo ukutulutsa madzi?
Eya, kapena ayi. Mabokosi awiri okha.
Ndili chigwirire cholembera
galasi linazima m'dzanja langa,
udzudzu unayamba nyimbo yake m'makutu,
ndipo sindinkadziwa kumene kuli Bangula,
kumene kuli Makhanga,
ngakhale kumene dzuwa linali litangolowera kumene
ndinkakukayikira.

"Nanga eni mjigo ali kuti?"
Analoza ndi mlomo chakumtunda,
kumene kautsi kankakwera pamwamba pa bango.
"Amenewo makina anu alibe manambala awo.
Amamwa m'chithaphwi.
Mukawalembe, ngati papepalapo patsala malo."

Ndinaika kachipangizo m'thumba, pansi pa mafungulo.
Tchale anathyola kabango kena.