Korona ya pa Bangula

Pa msika wa Bangula, dzuwa lili paliwombo,
Zuze anayala makorona pa thumba la feteleza
pakati pa mchere ndi milamba yowamba.
"Njere zenizeni izi, bambo, za m'dambo la Ndindi,
wansembe anaziwaza kale madzi."

Ine ndinakulira m'dambomo.
Njere yeniyeni sifanana ndi inzake:
ina yotuwa ngati phulusa,
ina yamawanga ngati dzira la mbalame,
ina kachirombo kanailawa n'kuisiya.
Ukailuma imakanira dzino, imazizira pa lilime.
Bowo lake inabadwa nalo.
Ikakhalitsa m'manja imada,
imawala ndi thukuta la mwini wake.

Za Zuze zinali mapasa okhaokha,
uliwonse ndi kamzere pamimba
pomwe chikombole chinatsekera.
Ndinapempha machesi, ndinawotcha nsonga ya phini,
n'kugunda mkanda umodzi.
Unanyala, unanunkha jumbo yopsa.
Zuze anaseka: "Kodi Mulungu amaluma mikanda?"

Ndinatsala pang'ono kumuyalutsa
pamaso pa amayi ogulitsa nyika,
koma fungo lija linandikokera ku kampu,
chaka chomwe Ruo ndi Shire anapangana kutilanda mudzi.
Ferista ali gone pa mkeka m'kalasi ya sitandade folo,
malungo akumuphika.
Korona yanga ya njere, madzi anali atapita nayo
pamodzi ndi mbuzi ndi chitseko.
Mtsikana wina wa ku Makhanga anavula yake m'khosi,
yapulasitiki, yobiriwira, yowala mumdima,
mtanda wake wothyoka mkono umodzi.
Ferista anaiwerenga mpaka tambala woyamba.
Chala chake chinaima pa Tikuoneni Mariya wachisanu ndi chiwiri.
Tinamuika nayo.

Choncho ndinati, Zuze, usaname, basi.
Pulasitiki umutchule dzina lake,
umugulitse pa mtengo wake.
Dambo usalinamizire mwana yemwe silinabale.
Ndinalipira mkanda ndinawotchawo,
iye anawerenga ndalama osandiyang'ana.

Mawa ndipalasa bwato kulowa m'mabango,
ndikathyole njere zokhwima,
ndikazitunge ndekha pa ulusi wa ukonde wakale.
Dzino langa likudziwabe ntchito yake,
phini nayenso sanama.
Koma mkanda womwe pemphero limakana kupondapo,
umenewo sindinaupeze.