Limoti ya kwa Namakhwa

Loweruka masana ku Luchenza,
mpira usanayambe pa kanema,
Namakhwa amandibwereka limoti mphindi khumi zokha.
Anyamata a kabaza amang'ung'udza pabenchi:
"Afika aja a mahatchi."
Ndafikadi. Pindani miyendo ndidutse.

Bambo anga ankapesa hatchi za bwana wa pa esiteti,
zitatu, kuseri kwa fakitale ya tiyi.
Sanakwerepo n'imodzi yomwe,
koma anandiphunzitsa poyang'ana.
Msana wonyezimira ndi mafuta chabe, mwanawe.
Ona makutu. Ona kapondedwe.
Ona thovu pakati pa ntchafu:
yotuluka thukuta chitseko chisanatseguke
yathamanga kale mpikisano wake mumtima.

Maina awo amandipinda lilime,
ndiye ndinawatcha anga.

Wakuda uyo, wa eni chuma a m'chipululu, ndi Bwanamkubwa.
Akuti mtengo wake ungagule tiyi yense
kuyambira pano mpaka ku Muloza.
Amanyamuka ngati minibasi yolimbirana anthu pa siteji,
koma mudzamuone pokhota pomaliza,
mafuta akumuthera dziko lonse likuonerera.
Ine ndi iye sitimwerana madzi.

Wofiira wa ku Ayalandi, wa banga pamphumi, ndi Chiperoni.
Dzuwa likaswa mtengo ndi bulu wamba,
mungamumangirire ngolo.
Koma kukagwa yamawawa, bwalo n'kusanduka phala,
amasambira m'matope ngati mlamba wa mu Thuchila,
anzake akutsetsereka pambuyo, maso ali tong'o.

Wa ku Falansa uja ndi wokongola, basi.
Ndilibe naye mawu ena.

Koma wanga ndi wamkazi wotuwa wa ku Japani,
wamng'ono thupi, wa mchira wosapesa bwino.
Nankhungu.
Amatsalira kumbuyo ngati waiwala kanthu kunyumba.
Amandikumbutsa Abiti Muhiwa a mu gang'a ya mayi anga,
amene ankayamba mzere mochedwa, akufwenthera fodya,
koma pa sikelo dengu lolemera linali lawo.
Womukwera sakweza chikwapu,
amangomunong'oneza kanthu m'khutu,
mpata n'kutseguka pomwe panalibe mpata.
Kuthamanga si kufika,
izi ndimawauza anyamatawa sabata ndi sabata.

Sikuti zonse n'zokoma.
Chaka chatha kamphongo kena kanathyoka mwendo pa liwiro.
Anatchinga nsalu yobiriwira,
kanema n'kutembenukira ku zipewa za azimayi
ndi matambula a vinyo.
Ine ndikudziwa za kuseri kwa nsalu.
Bambo anabwerapo madzulo ena
atanyamula chingwe chopanda hatchi,
anachipachika pa msomali, osadya,
osayankha ngakhale moni.
Ndinakhala miyezi iwiri osapempha limoti.
Kenako ndinabwereranso. Musandifunse chifukwa.

Lero athamangira pa udzu, kutsidya kwa nyanja zingapo.
Bwanamkubwa patsogolo, mwa masiku onse.
Chiperoni akufunafuna matope, sakuwapeza.
Nankhungu wachikhumi ndi chiwiri.
Wachisanu ndi chinayi.
Akhota. Watulukira kunja, wayala makutu,
wachinayi,
wachitatu,
benchi yagwa, Mulepa wa kabaza waimirira pa kireti
akukuwa dzina limene ndinapeka ndekha,

magetsi phethe.

Mdima, fungo la chibuku, nkhuku ikulira panja.
Wina watukwana. Namakhwa akuti jenereta ilibe mafuta.
Mulepa wandigwira mkono, chikhatho chili nyowe:
"Madala, ndiye wawina ndani?"

Sindibetcha, sindinataye kanthu.
Ndabweza limoti, ndatenga njinga yanga yophwa tayala,
ndikukankha kulowera kwathu.
Phiri lavala nkhungu mpaka m'chiuno.
Mulepa akunditsatirabe pambuyo, wasiya ndi makasitomala,
akufunsa ngati hatchi imagona choimirira,
akufunsa ngati Loweruka likubwerali wotuwa uja athamanganso.